Nsomba Yaiwisi Silinda Mawa

 Tili m'nyengo ya Pasaka, masiku 50 amene Mpingo umakondwerera kuuka kwa Ambuye wathu Yesu Kristu. Mau athu a lero acokera mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mutu 21, ndime 1 mpaka 19. Tikupemphani kuti mukapeza mpata muwerenge nokha ndime zimenezi pang'onopang'ono, cifukwa ife pano tingofotokoza m'mau athu. Nkhani yake ndi ya cakudya ca m'mawa, nsomba yoocha pa makala ndi mkate. Koma tisanapite ku Galileya, tiyambe ndi nsomba imene tiidziwa kuno kwathu.

Caka ciliconse, kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri za dziko lathu kuti nsomba ziswane. Motero Pasaka amatipeza usodzi utatsegulidwanso, nsomba yaiwisi itabwerera pa misika. Ku Luangwa asodzi amavuula mlamba, mceni ndi nkholokolo. Ku Kafue ndi kumtunda kwa Zambezi kuli nembwe. Ku Kariba kuli bream ndi kapenta, ku Mpulungu kuli buka buka. M'madamu ena a m'mafamu muli nsomba ya kukamwa kwakukulu yochedwa bass, imene kwao ndi ku North America, ndipo anyamata amene amaiwedza ndi mbedza adziwa kuti mnofu wake ndi woyera ndi wolimba bwino. Nsomba zonsezi zisiyana maonekedwe ndi kakomedwe, koma lamulo lao ndi limodzi: nsomba ikangocoka m'madzi, nthawi yayamba kuithera.

Amai athu sanafunike kupita ku koleji kuti adziwe nsomba yabwino. Poyamba amayang'ana maso ake, akhale owala ndi otukuka, osati olowa m'kati kapena ocita mbuu. Kenaka amatsegula m'mbali mwa mutu m'mene nsomba imapumira, kuti aone ngati muli mofiira. Amasindikiza cala pa mnofu. Mnofu ukabwerera msanga, nsomba ili bwino, koma cala cikasiya kadzenje, amai amabweza ndalama zao m'citenje napita pa wogulitsa wina. Ndipo mphuno sinama. Nsomba ya lero imamveka fungo la madzi a mumtsinje basi.

Tikafika nayo kunyumba, sitiyamba ndi kuceza. Timapala mamba kucokera kumcira kupita kumutu, ndi kuitumbula nthawi yomweyo. Timafulumira cifukwa tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa nsomba timakhala m'matumbo, m'malo opumira aja, ndi pa khungu loterera. Potumbula timasamala ndulu. Kathumba kameneka ndi kakang'ono, koma mpeni ukakaboola, mnofu wonse umene wakhudzidwa umawawa, ndipo mcere kapena matimati sizingabise kuwawako. Tikatero timaitsuka ndi madzi oyera, timaceka mizere itatu kapena inai mbali iliyonse, ndi kupakamo mcere. Amene ali ndi mandimu amafinyirako, okonda tsabola amaikako.

Ngati tifuna kuocha, timakoleza mbaula ndi kudikira. Makala, amene ambiri timati malasha, asakhale a malawi, cifukwa malawi amapsereza kunja m'kati muli mwaiwisi. Timadikira mpaka malawi atagwa, makala atafiira ndi kuyamba kucita phulusa loyera pamwamba. Ndiye timaika nsomba pa waya ndi kuisiya. Woitembenuza kawirikawiri amangoiphwanya. Kamodzi ndi kokwanira. Timadziwa kuti yapsa pamene mnofu wayera mpaka m'kati ndipo ucoka wokha pa fupa la msana. Apa tisacite cangu, cifukwa nsomba ya m'madzi athu ingakhale ndi tinyongolotsi timene timafa pokhapokha yapsa bwino. Ena amakazinga mu saladi nathira matimati ndi anyezi. Ena amaphika mumphika ndi madzi pang'ono, osavundula ndi mthiko, kungogwedeza mphikawo kuti nsomba isanyenyeke, ndipo msuzi wake umathetsa nsima mbale ziwiri.

Ndipo nsomba sidyedwa mothamanga. Minga imatiphunzitsa ulemu. Mai amakhala ndi mwana pambali namcotsera minga imodzi imodzi. Agogo amapatsidwa mutu, nakhala nao nthawi yaitali. Anthu amene akudya nsomba m'mbale imodzi amakhalitsa pamodzi, afune asafune.

Koma cacikulu cimene tonse tidziwa ndi ici: nsomba yaiwisi ilibe nkhokwe. Cimanga tingasunge mpaka caka camawa, nshawa tingaike m'thumba. Nsomba yogwidwa m'mawa ku cigwa ca Luangwa m'mwezi wa Okutobala, pofika madzulo yayamba kale kuitana nchenche. Ngakhale a m'tauni amene amadalira firiji anaphunzira zimenezi mu 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kupita maola ambiri tsiku lililonse. Tingaiwambe pa moto, tingaithire mcere ndi kuiyanika, monga zimene timagula pa mlatho wa Luangwa popita ku Lusaka, ndipo nsomba youma ndi ndiwo yabwino ndithu. Koma kukoma kwa nsomba yongocoka m'madzi ndi kwa tsiku limodzi. Nchifukwa cake msodzi amene wagwira zambiri amatuma ana kukapatsa anansi. Ngakhale munthu woumira amasanduka wopatsa tsiku limene wagwira nsomba zambiri, cifukwa adziwa kuti akasunga adzataya.

Tsopano tiyeni ku Galileya. Nyanja imene Yohane aicha ya Tiberiya ndi ya madzi opanda mcere, monga Bangweulu kapena Mweru, koma ndi yaing'ono. M'litali ndi makilomita pafupifupi 21, m'lifupi 13. Nsomba zake sizacilendo kwa ife. Muli mtundu wa bream umene alendo lero amaucha nsomba ya Petro Woyera. Muli tinsomba ting'onoting'ono tonga kapenta, timene anthu a mzinda wa Magdala anali kuthira mcere ndi kugulitsa kutali. Mulinso mlamba weniweni wonga wathu, koma Ayuda sanali kuudya cifukwa ulibe mamba, potsata lamulo la mu Levitiko mutu 11. Mu 1986, madzi atatsika cifukwa ca cilala, m'matope a m'mphepete mwa nyanjayi munapezeka bwato la nthawi ya Yesu, lotalika mamita oposa 8 pang'ono. Motero pamene tiwerenga za asodzi awa, tiwerenga za anthu a nchito yeniyeni, a manja okhakhala, onunkha nsomba monga abale athu a ku Luangwa ndi ku Kafue.

Yohane atiuza kuti ophunzira asanu ndi awiri anali pamodzi: Petro, Tomasi, Natanayeli, ana awiri a Zebedayo, ndi ena awiri. Petro anaganiza zopita kukasodza, anzake namtsata. Anagwira nchito usiku wonse osapha kanthu. Kutaca, munthu wina anaimirira pa gombe nawafunsa ngati ali ndi ndiwo, iwo nayankha kuti alibe. Anawauza mbali yoponya ukonde, ndipo nsomba zinaculuka kotero kuti analephera kuukokera m'bwato. Pamenepo wophunzira amene Yesu anamkonda anazindikira kuti ndi Ambuye, nauza Petro. Petro sanadikire bwato. Anadziponya m'madzi, pamene anzake anabwera pambuyo akukoka ukonde, mtunda wa mamita pafupifupi 100. Atafika kumtunda anapeza moto wa makala utayaka kale, nsomba ili pamoto, ndi mkate uli pambali.

Taganizani, okondedwa. Uyu ndi Ambuye amene wagonjetsa imfa masiku ocepa apitawo. Tikanayembekezera kumuona pa mpando waulemu ku Yerusalemu. Koma timpeza pa mcenga m'mbandakuca, atakoleza moto, atadikira kuti makala afiire, akuyang'anira nsomba kuti isapserere. Inu abambo amene muganiza kuti kugwira mbaula kumacotsa ulemu, onani amene anaphika cakudya ici.

Moto umenewu uli ndi nkhani yake. Liu la Cigriki lotanthauza moto wa makala lipezeka kawiri cabe m'Cipangano Catsopano, ndipo kawiri konseko ndi mwa Yohane. Koyamba ndi m'mutu 18, pa bwalo la mkulu wa ansembe, usiku wozizira umene Yesu anagwidwa. Anchito ndi alonda anakoleza makala naothera, Petro naima nao pamodzi akuotha. Usiku umenewo Petro anakana katatu kuti si wophunzira wa Yesu. Kaciwiri ndi pano pa gombe. Tonse tidziwa mmene fungo limakumbutsira. Petro, atanyowa, akunjenjemera ndi mphepo ya m'mawa, anamva fungo la makala, ndipo sitikayika kuti mtima wake unabwerera pa bwalo lija.

Yohane akuti aka kanali kacitatu Yesu kuonekera kwa ophunzira ake atauka. Petro anali atamuona kale, anali atakondwera pamodzi ndi anzake. Koma mu Uthenga umenewu nkhani ya kukana ija inali isanakambidwe. Inali cikhalire pakati pao, monga zimakhalira m'mabanja athu pamene tipatsana moni bwinobwino koma aliyense adziwa kuti pali kanthu.

Tione tsono mmene Ambuye anaisamalira nkhaniyi.

Coyamba, anayamba ndi cakudya. Sanafunse funso lililonse lolemera kwa munthu wanjala, wotopa ndi wonyowa. Anatenga mkate nawagawira, nacita cimodzimodzi ndi nsomba. Petro anadya kucokera m'dzanja la munthu amene anamkana, asanapepese, asanafotokoze ciliconse. Cakudya cimene cija cinamuuza kuti malo ake pa mphasa akali pomwepo.

Caciwiri, ngakhale nsomba inali kale pamoto, Yesu anawauza kuti abweretseko zina mwa zimene agwira. Petro ndiye anathamanga kukakoka ukonde, ndipo anawerenga nsomba zikuluzikulu 153. Munthu wolakwa amacita manyazi kubwera cimanjamanja. Ambuye anampatsa mpata woti naye aikepo kanthu pa moto. Pamene tiyanjana ndi mbale wathu, timlole abweretse kake, ngakhale kocepa, kuti asakhale ngati wopemphetsa pa khomo pathu.

Cacitatu, atatha kudya, Yesu anaikamba nkhaniyo. Anafunsa Petro katatu za cikondi cake, monga momwe anakanira katatu, ndipo Yohane sabisa kuti funso lacitatu linamumvetsa Petro cisoni. Kuyanjana kumene kulibe coonadi kuli ngati nsomba yoocha osatumbula. Kunja ioneka bwino, koma tikaidya tidzadwala. Komabe taonani mpeni wa Ambuye mmene unayendera. Sanaboole ndulu. Sanawerengere Petro zimene anacita usiku uja pamaso pa anzake, sanamkumbutse za tambala, sanamfanizire ndi wophunzira amene anaima pafupi ndi mtanda. Anacotsa coola, nasiya munthu ali wathunthu. Ndipo pa yankho lililonse anampatsa nchito yoweta nkhosa zake, kusonyeza kuti amkhulupiriranso.

Cacinai, ndipo apa ndi pamene pagona phunziro lathu la lero, Ambuye sanazengereze. Anali ndi masiku 40 cabe asanakwere kumwamba, ndipo m'masiku ocepawo anapatula m'mawa umodzi kuti akonze ubale wake ndi munthu mmodzi. Ndipo amene anayamba ndi wolakwiridwa. Sanakhale kudikira kuti Petro ayambe wabwera.

Abale ndi alongo, makolo athu anatisiyira mwambi wabwino wakuti cibale ndi fupa, siciola. Ndi zoona. Mlongo wanu adzakhala mlongo wanu mpaka kumanda. Koma ambiri a ife timagwiritsa nchito mwambi umenewu monga pobisalira. Timati, ndi m'bale wanga, sapita kulikonse, tidzakamba tsiku lina. Pitani kudzala mukaone mafupa a nsomba ya caka catha. Akali pomwepo, sanaole, koma palibe amene angadyere nsima. Cimene cimaola pa cibale ndi mnofu wake: kucezerana, kukhulupirirana, kutumirana ana, kuseka pamodzi. Zimenezi ndi zaiwisi, ndipo sizilinda.

Tidziwa mabanja amene anasiyana cifukwa ca malire a munda, mizere iwiri cabe ya cimanga. Tidziwa abale amene sanapondane pa khomo zaka khumi cifukwa ca ngongole ya feteleza. Tidziwa apongozi ndi mkamwini amene amalankhulana kudzera mwa ana. Tidziwa akristu awiri a kwaya imodzi, kapena amai awiri ovala yunifomu imodzi ya Mothers' Union, amene pa nthawi yopatsana mtendere m'chalichi aliyense amayang'ana kumbali kuti dzanja lake lisakumane ndi la mnzake. Tsiku loyamba nkhaniyo inali yaing'ono, yotheka kukonza ndi mau awiri. Patapita sabata inayamba kununkha. Patapita caka nchenche zinafika, ndiwo anthu onyamula mau uku ndi uku. Ndipo monga akulu anenera kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ana athu amalowa m'cidani cimene sadziwa ndi ciyambi cake comwe. Ife amene tinaphunzitsa m'masukulu tinaona ana a mimba ziwiri za banja limodzi akukana kukhala pa desiki limodzi cifukwa ca mkangano wa makolo ao. Kenaka uthenga wa maliro umafika, ndipo timapita kukalira mokweza pa bokosi la munthu amene tinalephera kumpatsa moni ali moyo. Zengerezu analinda kwaukwau.

Mwina wina wa inu akuti, a mphunzitsi, mukamba zopepuka, simudziwa zimene anandicita. Tikumvani, ndipo sitifuna kupeputsa bala lanu. Pali amai amasiye amene abale a mwamuna anawalanda nyumba, ziwiya ndi mabulangete omwe, maliro asanathe. Kwa otere sitikunena kuti phikani nsomba muiwale. Lamulo la dziko lathu la 1989 lokamba za cuma ca munthu womwalira osasiya wilo linagawa momveka: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, ndi 10 a ena amene anali kudalira womwalirayo. Inu amene munatenga zosakhala zanu, nsomba imene mufunika kubweretsa pa moto ndi katundu ameneyo. Bwezani, ndipo mukatero mudzakhala pa mphasa popanda manyazi. Palinso amai ndi ana amene amamenyedwa m'nyumba. Kwa inu sitikunena kuti bwererani kumene moyo wanu uli pa ngozi. Uzani ankhoswe, uzani abambo a mpingo, ndipo pitani ku Victim Support Unit ya apolisi. Kukhululuka sikuletsa cilungamo. Ambuye yemweyo amene anagawa mkate ndiye anafunsanso funso lopweteka.

Koma tinene zoona, mikangano yathu yambiri si ya mtundu umenewo. Yambiri ndi ya mau amene anatuluka molakwika pa ukwati, ya moni amene sanayankhidwe, ya ndalama zocepa, ya kunyada. Imeneyi ndiyo tingakonze sabata lino.

Tsono tikupemphani cinthu cimodzi. Pamene mumvetsera mau awa, dzina lina labwera kale mumtima mwanu. Musalikankhire kumbali. Sabata lino lisanathe, itanani munthu ameneyo kudzadya, kapena nyamulani kambale mupite kwao. Ngati muli ndi bream yaikulu, zili bwino. Ngati muli ndi kapenta wa pa kambale kamodzi, ndi wokwanira, cifukwa ngakhale pa gombe paja panali nsomba ndi mkate cabe. Ngati ali kutali, ku Lusaka kapena ku Copperbelt, muimbireni foni ndi kuyamba kumfunsa za umoyo wake ndi wa ana. Musayambe ndi mlandu. Lolani malawi agwe, makala afiire. Mukatha kudya, kambani nkhaniyo mwacidule ndi moona, osaitana mboni, osafukula za makolo. Mwina adzakana kubwera. Mwina adzabwera nakhala cete. Zimenezo zisakugwetseni mphwayi, inu mwakoleza moto, ndipo mungaitanenso.

Ndipo ngati inu ndinu Petro, ngati ndinu amene munalakwa ndipo manyazi akukusungani m'bwato, musadikire kuti mupeze mau okongola. Petro anafika pa gombe zovala zikudontha madzi. Fikani mmene mulili.

Pa Sabata tidzasonkhana pa guwa la Ambuye. Tisanalandire Mgonero timapatsana mtendere, ndipo Mpingo unaika mwambo umenewu pamalo amenewo mwadala, kuti tiyanjane ndi abale athu tisanadye pa tebulo limodzi. Kungakhale kokoma cotani ngati dzanja limene tidzagwira tsiku limenelo lidzakhala la munthu amene tinadya naye nsomba pa Cisanu.

Tiyeni tipemphere.

Ambuye Yesu, inu amene munakoleza moto pa gombe ndi kudyetsa anthu amene anakuthawani, tikuyamikani cifukwa ca mitsinje ndi nyanja za dziko lathu, ndi nsomba zimene munaikamo. Sungani asodzi athu ku mafunde, ku ng'ona ndi ku mvuu. Dalitsani manja amene amatiphikira tsiku ndi tsiku. Kumbukirani amasiye, ana amasiye, ndi onse amene agona ndi njala usiku uno. Muona dzina limene lili mumtima mwa aliyense wa ife. Tipatseni kulimba mtima kuti tipite lero, nzeru kuti tikambe zoona mosaboola ndulu, ndi kudzicepetsa kuti tilandire cakudya kucokera m'dzanja la amene tinamlakwira. Tipempha izi m'dzina lanu loyera. Amen.

Mulungu akusungeni, okondedwa omvera, mpaka tidzakumanenso pa nthawi yonga ino.